Za a Chopra aja, ndapeza yankho

Sabata yatha ndinafunsa ngati a Chopra onse omwe timawamva m'mafilimu a Chihindi ali a banja limodzi. Ayi, si onse.

Banja lenileni la mafilimu ndi la B.R. Chopra ndi mng'ono wake Yash Chopra. Yash anabadwira ku Lahore mu 1932, ndipo ntchito anaiphunzira pa manja a mkulu wakeyo, yemwe anamupatsa mwayi wotsogolera filimu yake yoyamba mu 1959. Mu 1970 Yash anadziimira payekha n'kukhazikitsa kampani ya Yash Raj Films. Anamwalira mu 2012.

Mwana wake Aditya ndi amene ananyamula dzinalo. Anali asanakwanitse zaka 25 pomwe anatsogolera Dilwale Dulhania Le Jayenge mu 1995, filimu yomwe nyumba yoonetsera mafilimu ya Maratha Mandir ku Mumbai yakhala ikuionetsa kwa zaka zoposa 25. Munthu wake sakonda kuoneka pagulu, ngakhale mkazi wake, Rani Mukerji, yemwe anakwatirana naye mu 2014, ndi katswiri wodziwika wosewera m'mafilimu. Mng'ono wake wa Aditya, Uday, anayesa zosewera m'mafilimu, koma kunena zoona sizinamuyendere kwenikweni. Kumbali ya B.R., mwana wake Ravi anagwira limodzi ndi bambo ake sewero la pa TV la Mahabharat mu 1988.

Omwe anandisokoneza ndi Priyanka Chopra, wosewera m'mafilimu, ndi Vidhu Vinod Chopra, wotsogolera mafilimu. Awiriwa alibe ubale ndi banjali, n'dzina chabe. Makolo a Priyanka anali madokotala a asilikali.