Ndani angandithandize kufufuza za mzungu wa esiteti ya ku Mulanje?

Moni nonse abale ndi alongo kuno ku Joni. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo.

Ndimagwira ntchito ya m'munda kwa mayi wina wokalamba ku Randburg. Posamuka mwezi watha anandipatsa chithunzi chojambula pamanja ndi utoto wa madzi: phiri la Mulanje, minda ya tiyi m'munsi mwake, ndi anthu atasenza madengu. Akuti anajambula ndi agogo awo aamuna, omwe anali ndi esiteti nthawi ya Nyasaland, koma nawonso akukayika ngati analidi iwo kapena mkazi wawo. Kumbuyo kwalembedwa "Mlanje", kalembedwe kakale, ndipo siginecha yafufutika.

Chikundikhudza n'choti agogo anga a ku Thyolo ankagwira thangata, kulima kwa mzungu m'malo mwa lendi. Anthu amadengu aja ndikawayang'ana, mtima umawawa. Ndikufuna kudziwa kuti mzungu wa esitetiyu malowo anawapeza bwanji, ngati anali mwa aja analandira Certificate of Claim (kalata yotsimikizira umwini wa malo) nthawi ya Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, m'ma 1890, komanso ankakhala nawo bwanji anthu athu.

Ndasaka dzina lake pa intaneti, palibe. Ndinapita nacho kwa wogulitsa zinthu zakale, anangonditchulira mtengo. Amalume kumudzi akukumbukira dzina lomwe antchito anam'patsa lokha.

Kodi alipo wodziwa ngati ku National Archives ku Zomba, kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, amasunga mayina a eni maesiteti? Nanga munthu ali kuno angafunse bwanji? Wopita ku Blantyre posachedwa andiuze, thiransipoti ndilipira.