Mng'alu pakona ya nyumba yakale pomwe pafupi akukumba nsanjika: titseke kapena tidikire?

Folomani: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili pa ntchito yokonza nyumba yakale yosanjikiza kamodzi pakati pa tauni, ya njerwa zootcha, zaka zake zapitirira 100. Makoma ndi okhuthala ndipo anamangidwa ndi matope a laimu. Kalekale wina anaipaka pulasitala wa simenti kunja konse, pamwamba pake penti wa mafuta. Pulasitalayo ukamugogoda akumveka kuti wasiyana ndi khoma, ndipo mkati khoma ndi lonyowa mpaka m'chiuno, mchere uli mbuu. Zimenezo ndinazidziwa potenga ntchito. Chatsopano ndi ichi: pa puloti yoyandikana nafe akukumba dzenje lakuya loimikamo magalimoto pansi pa nsanjika yaitali, mapampu akulira usana ndi usiku, ndipo pakona yathu yoyang'ana kudzenjeko patuluka mng'alu. Ukutsata mizere ya matope mokwera masitepe kuchokera pazenera lapansi mpaka kudenga. Kumwamba ndi wotakasuka, mamilimita 4 kapena 5, kumunsi ndi woonda. Mwininyumba akuti tithiremo simenti yolimba, tipake pulasitala, tipente, alendi alowe. Ine mtima ukukana. Nditani?

Kontirakitala: Achimwene, wolipira ndi mwininyumba. Simenti imodzi, mchenga itatu, ikani waya pamng'alupo, pulasitala pamwamba, mwamaliza. Nyumba yakale iti yopanda mng'alu?

Injiniya wa maziko: A Folomani, musatseke kaye. Muli ndi matenda awiri m'nyumba imodzi ndipo mukawasakaniza mudzachiza olakwika. Chinyezi ndi nkhani ya pulasitala uja. Mng'alu ndi nkhani ya dothi. Mng'alu wotakasuka kumwamba, wopendekera, wokhala pakona, kawirikawiri umatanthauza kuti konayo ikutsika pomwe khoma lotsalalo laima. Mapampu akamachotsa madzi a pansi, dothi lofewa lomwe linali lodzaza madzi limafwampha, ndipo chilichonse chokhala pamwamba pake chimatsika nalo. Njira ina ndi yoti khoma lotchinga dzenje lawo likupendekera mkati kapena likudontha, madzi n'kumatuluka ndi mchenga wa pansi pa maziko anu. Ndifunse zitatu. Dzenjelo lili mamita angati kuchokera pakhoma lanu? Lazama kuposa maziko anu? Madzi otuluka m'mapampu ndi oyera kapena a matope?

Folomani: Amayi, mtunda sukwana mamita 4. Kuzama ndiye musakambe, maziko athu ndi a njerwa basi, sanapite patali. Madzi ndakawaona, ndi ofiirira.

Injiniya wa maziko: Ofiirirawo ndiwo andidetsa nkhawa kuposa mng'alu. Madzi a matope ndiye kuti dothi likuchoka penapake, ndipo mwina ndi pansi panu. Ku Cologne, ku Germany, pa 3 Marichi 2009 nyumba yosungiramo zikalata zakale za mzindawo inagwera m'dzenje la njanji ya pansi pa nthaka lomwe linkakumbidwa pambali pake. Khoma lotchinga dzenjelo linali ndi polakwika, madzi ndi dothi zinadutsira pomwepo, ndipo anthu awiri anafa. Sindikunena kuti inu mwafika pamenepo. Pa muyeso wa ming'alu wa ku Britain wotchedwa BRE Digest 251 womwe ambiri timagwiritsa ntchito, mng'alu wosapitirira mamilimita 5 uli m'gulu lachiwiri, lokonzeka mosavuta. Kuyambira 5 mpaka 15 ndi gulu lachitatu, ndipo wopitirira 25 ndiye nyumba ili pangozi yeniyeni. Koma muyesowu umakuuzani kukula kwa lero. Sukuuzani ngati mng'aluwo ukuyendabe, ndipo funso lathu ndi limenelo.

Chitani izi mawa lomwe. Matani zizindikiro zoyezera mng'alu, zija za pulasitiki ziwiri zopingasana zokhala ndi mizere ya mamilimita, pamalo atatu: kumwamba, pakati ndi kumunsi. Zikasowa, khomani timisomali tosachita dzimbiri mbali ziwiri za mng'alu n'kumayeza ndi kalipa, kachipangizo koyezera mipata ing'onoing'ono. Muzimate panjerwa, osati papulasitala womasukayo. Kenako ikani zizindikiro za levulo, zoonera ngati nyumba ikutsika, kuzungulira nyumba, poyambira pake pakhale chinthu chakutali ndi dzenjelo chomwe sichikutsika. Muziwerenga nthawi yofanana m'mawa uliwonse, chifukwa khoma limatambasuka dzuwa likaliwomba ndipo mutha kudzipusitsa nokha. Jambulani chithunzi chilichonse ndi rula pambali ndi deti.

Wojambula mapulani: Ndiwonjezere za mapepala, poti anthu a manja mumazinyalanyaza. Musanathire simenti, dziwani kuti mng'alu umenewo ndi umboni wa mwininyumba. Mukautseka n'kupenta, oyandikana nawo adzati nyumba yanu inali yowola kale. Afunseni ngati anajambula ndi kulemba momwe nyumba zozungulira zinalili asanayambe kukumba. Kontirakitala wodziwa ntchito amachita zimenezo podziteteza yekha. M'maiko ena ndi lamulo ndithu: ku England ndi Wales, Party Wall Act ya 1996 imati wokumba pa mtunda wosapitirira mamita 3 kuchokera kunyumba ya mnzake, mozama kuposa maziko ake, ayenera kumudziwitsa polemba, ndipo nthawi zina malire amafika mamita 6. Kwanuko onani zomwe chilolezo chawo chomangira chikunena, komanso ngati nyumba yanu ili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa. Ikakhalamo, ngakhale kugumula pulasitala kungafune chilolezo. Mwininyumba alembe kalata kwa omangawo, ina kwa a inshuwalansi, ina kwa opereka zilolezo. Pakamwa ayi.

Kontirakitala: Zonsezi pa kamng'alu kolowa chala cha mwana? Ndiye bwanji osangosiya khoma lakutsogolo loyang'ana kumsewu, kumbuyo n'kugwetsa, n'kumanga za konkire? M'mizinda yambiri akutero, anthu amaonabe nkhope yakale, mwini amapeza malo ochuluka.

Wojambula mapulani: Akutero inde, ndipo ine sindizikonda. Chotsala ndi chigoba. Masitepe, matabwa a pansi, mitanda ya denga, kukula kwa zipinda, zonse zomwe zimasonyeza momwe anthu ankamangira ndi kukhalira zimapita kudzala. Komanso si zotchipa monga mukuganizira, achimwene. Khoma lakale likasiyidwa lokha limafuna zitsulo zolichirikiza mpaka nyumba yatsopano italigwira, ndipo apa khomalo laima padothi lomwe likuyenda. Burra Charter, ndondomeko ya ku Australia yosamalira malo akale yomwe inayamba mu 1979, ili ndi mfundo yomwe ndimaiuza makasitomala: chitani zonse zofunika, koma sinthani zochepa momwe mungathere. Nyumba iyi sinafike pogwetsa.

Mmisiri wopuma: Ana anga, za dothi amayi anena, ine ndilankhule za khoma, chifukwa a Kontirakitala akufuna kubwereza chomwe chinadwalitsa nyumbayo. Simenti si mdani, koma ili ndi malo ake. Joseph Aspdin analembetsa simenti ya Portland mu 1824, komabe kwa zaka zambiri pambuyo pake nyumba wamba zinkamangidwabe ndi laimu. Khoma la laimu limagwira ntchito mwa njira yake. Matope amakhala ofewa kuposa njerwa, dala. Mvula ikawomba, khoma limamwa madzi pang'ono, dzuwa likatuluka limawatulutsira m'mizere ya matope. Mchere umaunjikana m'matopemo, matope n'kumadyeka pang'onopang'ono, njerwa n'kupulumuka. Patapita zaka mmisiri amakolopa mizere n'kuikamo ena. Nyumba ikasuntha pang'ono, mizere yambirimbiri imagawana kusunthako.

Ukaliveka simenti ndi penti wa mafuta, zili ngati munthu wotuluka thukuta wavala jasi la pulasitiki. Madzi amalowa pa timing'alu ta pulasitala ndi kuchokera pansi, potulukira palibe, ndiye amakwera m'khoma n'kutulukira mkati, monga mwaonera. Mukathira simenti yolimba mumng'alu womwe ukuyendabe, simentiyo siisweka, chosweka ndi njerwa ya pambali pake. Lero mng'alu wanu ukutsata matope, wokonzeka bwinobwino. Wa mawa udzadula njerwa pakati.

Wophunzira ntchito: Agogo, pepani ndifunse. Laimu wake ndi yemwe uja wothira m'munda? Nanga tingadziwe bwanji kuti matope akale ndi a laimu?

Mmisiri wopuma: Ayi mwanawe, wa m'munda ndi mwala wongopera, sagwira chilichonse. Womangira ndi mwala wa laimu wootchedwa pa moto wa madigiri pafupifupi 900, kenako n'kuuthira madzi. Ukauviika n'kukhala phala, uusunge pansi pa madzi miyezi itatu kapena kuposa, ukamakhalitsa umakomerako. Pakhoma umauma pomwa mpweya wa kaboni n'kubwereranso kukhala mwala, ndiye umachedwa ndithu kulimba. Palinso wa m'matumba wolembedwa NHL 2, NHL 3.5 ndi NHL 5, womwe umagwirako ndi madzi. Pa njerwa zofewa zakale ine sindipitirira 3.5, ndipo nthawi zambiri 2 amakwana. Podziwa matope akale, kanda ndi msomali: a laimu amafumbutuka, ndi oyererako, nthawi zambiri mumakhala timibulu toyera. Ukadonthezapo viniga amachita thovu, koma usadalire zimenezo zokha chifukwa mchenga wina umachitanso thovu. Tumizani kachidutswa kokayeza kuti mudziwe muyeso ndi mtundu wa mchenga. Ambiri timayambira pa laimu mmodzi, mchenga wokhakhala itatu, n'kupanga timagawo toyesera pakhoma. Ndipo uvale magalasi ndi magolovesi. Laimu amaotcha khungu, m'maso ndiye angakuchititse khungu lenileni.

A Folomani, gulayinda isayandikire mizere imeneyo. Imadya m'mphepete mwa njerwa, mizere n'kukula kawiri. Kolopani ndi manja, kuzama kwake kawiri kutakasuka kwa mzere, nyowetsani, dinikizani matope mwamphamvu, phimbani ndi ziguduli zonyowa kuti dzuwa ndi mphepo zisawaumitse msanga.

Folomani: Ndabweranso, akuluakulu. Zizindikiro tinamata. Chakumwamba chikusonyeza kuti mng'alu wawonjezera pafupifupi milimita imodzi, ndipo levulo ikuti kona yokhayo ndiyo yatsika, mbali inayo ili chilili. Kalata itapita, injiniya wawo anabwera yekha. Anapeza kuti pakhoma lawo lotchinga pali mpata pakati pa zipilala ziwiri pomwe pakudutsa madzi ndi mchenga. Akuti atsekapo popopera simenti yamadzi kuseri kwake. Ndapezanso china chomwe sindinachitchule: msewu wa oyenda pansi anaukweza kangapo, moti tsopano uli pamwamba pa mulingo wa pansi m'nyumba, ndipo njerwa za mabowo zolowetsa mpweya pansi pa matabwa zinakwiririka. Mpope wina wotsitsa madzi a padenga umathira patsinde pakhoma penipeni.

Mmisiri wopuma: Ehe! Theka la chinyezi chanu ndi limenelo. Mpope ukonzeni lero, sufuna chilolezo cha munthu. Bungwe la ku Britain loteteza nyumba zakale la SPAB lomwe William Morris ndi anzake anayambitsa mu 1877 linkalalikira zomwezi, kuti nyumba yakale imasungika ndi kusamalira kwa tsiku ndi tsiku. Nthaka ya kunja iyenera kukhala mamilimita 150 kapena kuposa pansi pa mulingo wa m'nyumba. Ngati msewu sungatsitsidwe, pemphani chilolezo cha kangalande kotsata khoma kokhala ndi chivundikiro cha mabowo, mabowo a mpweya atsegukenso. Asakunamizeni ndi mankhwala obaya m'khoma musanachite izi.

Injiniya wa maziko: Nkhani yabwino, koma potseka mpatawo muwayang'anire. Simenti yopopera mwamphamvu imatha kutukula kona yanu, mng'alu wina n'kubadwa. Levulo iwerengedwe pomwe akupopa, ndipo mugwirizane polemba kuti kusuntha kukafika pakuti aima. Afunseninso za chitsime choyezera madzi a pansi pafupi ndi khoma lanu. Ngati madzi akutsikabe mpata utatsekedwa, pali njira yobwezera ena m'nthaka kudzera m'zitsime za kunja kwa dzenje. Kodi kukhoma zipilala anamaliza? Ngati ayi, aboole m'malo mokhoma, poti kukhoma kumanjenjemeretsa nthaka. Muyeso wa ku Germany wa DIN 4150-3 umalola kunjenjemera kwa mamilimita 3 okha pa sekondi pamaziko a nyumba zosalimba ngati zakalezi, pa kugwedeza kwapang'onopang'ono, pomwe nyumba wamba zogonamo ndi 5 ndipo za mafakitale ndi 20. Kachipangizo koyezera aike iwo, pa ndalama zawo.

Pakali pano chirikizani zenera la pakonapo ndi matabwa, onani ngati mitanda ya chipinda chapamwamba ikadali yokhazikika m'khoma, ndipo chipinda chimenecho musalowetsemo munthu. Mng'alu muutseke ndi chinthu chofewa chochotseka kuti mvula isalowe.

Kontirakitala: Chabwino, pa za mchenga wotuluka ndi madzi ndagonja. Koma mng'alu ukaima, zitsulo zopota zija zosachita dzimbiri zolowetsa m'mizere mukuzikananso? Poti si zakale.

Wojambula mapulani: Sitikuzikana. Venice Charter ya 1964, ndondomeko ya maiko ambiri yokonzera nyumba zakale, imalola njira zamakono pomwe zakale zalephera, bola zikhale zotsimikizika. Imanenanso kuti chobwezeretsa chigwirizane ndi chakale koma chizindikirike kuti ndi chatsopano, ndipo wokonza aime pomwe kulota kwayambira. Ndiye ngati mulibe chithunzi cha momwe khonde linalili, a Folomani, musapeke lanu. Njerwa zosweka funani zofanana kukula ndi kufewa, lembani pa pulani pomwe mwaika zatsopano.

Folomani: Mwininyumba wavomera, makamaka atamva za inshuwalansi. Alendi alowa mbali yomwe sinakhudzidwe. Pulasitala wa simenti tiyamba kuchotsa ndi manja pakagawo kakang'ono kumbuyo, tione ngati sakuchoka ndi nkhope ya njerwa. Funso lomaliza: tidikire nthawi yaitali bwanji tisanasoke mng'alu ndi kupaka pulasitala wa laimu?

Injiniya wa maziko: Mng'alu, dikirani mapampu azimitsidwe, chipinda chawo chapansi chimangidwe, madzi a pansi abwerere, kenako zizindikiro zikhale osasuntha kwa miyezi ingapo. Ngati dothi ndi la dongo, ndibwino kuona nyengo ya mvula ndi yachilimwe zonse, poti dongo limafufuma ndi kunyala palokha. Zowerenga zanu munditumizire pamodzi ndi za injiniya wawo.

Mmisiri wopuma: Khoma lonyowa timawerengera mwezi umodzi pa mamilimita 25 aliwonse a kukhuthala kwake, ndiye yezani lanu muone. Ngati pulasitala akuchoka ndi njerwa, lekani, chotsani womasuka yekha ndi wa kumunsi. Kumunsiko pakani pulasitala wa laimu wofooka woti amwe mchere, akadyeka mudzamuchotse n'kupaka weniweni. Penti wake akhale laimu wamadzi, wopaka mopyapyala kangapo, osati wa mafuta.