Akuti tivule mipango ku ntchito, ndiyambire pati abale?

Membala wobisa dzina:

Moni nonse a pagulu pano, ndipo Asilamu anzanga salaam aleikum. Ndapempha ma admin kuti abise dzina langa chifukwa ena omwe ndimagwira nawo ntchito ali momwe muno.

Ndimakhala ku Mbare mu Harare, kuno ku Zimbabwe, ndipo ndimagwira ntchito pa fakitale ina yophika buledi ku Graniteside, mbali yopakira. Agogo anga anachokera ku Namwera nthawi ya chitaganya, ine ndi mayi anga tinabadwira konkuno. Chiyambire ntchitoyi ndakhala ndikuvala mpango wanga, kaneti ka kampani pamwamba pake, ndipo palibe anandinenapo.

Mwezi uno kwabwera bwana watsopano wa HR, ofesi yoona za antchito, ndi pepala la kavalidwe. Akuti kuyambira mwezi wamawa aliyense wa mufakitale azivala buluku ndi malaya a kampani a manja aafupi, kumutu kaneti koyera basi. Mipango, maduku, ndolo, mikanda, zonse ayi. Chifukwa chake akuti ndi ukhondo komanso chitetezo pa makina. Za ndolo ndi mikanda ndikumvetsa, sindingakonde kuti mwana wa munthu apeze ndolo yanga mu buledi. Ngakhale bulukulo ndikhoza kulolera ngati malaya ali aatali ophimba m'chiuno. Koma kaneti kaja n'koonekera, tsitsi ndi khosi zonse zili pambalambanda, ndipo pa shifiti yathu amuna ndi ambiri. Chithereni msinkhu sindinaimepo pamaso pa amuna achilendo mutu uli wosaphimba, ndipo ndikaganiza za tsiku limenelo tulo sitibwera.

Si ine ndekha. Pali amayi awiri Achipositoli omwe amavala maduku oyera, nawonso zawakhudza koma akuopa kuyankhula. Tonse tili pa makontirakiti a miyezi itatu itatu. Nditafunsa kapitawo wathu, anangoti pa geti pali anthu ambiri ofuna malo angawo.

Ndithandizeni. Kodi lamulo la kuno limalola bwana kuletsa mpango? Ndikakana kuvula angandichotse? Ndili ndi ana kusukulu ndi lendi, koma kuvula sindingathe.

Amalume a ku Highfield:

Mwana wanga, ndine wamkulu, ndaona zambiri m'tauni muno. Ntchito yavuta. Vala kanetiko nthawi ya ntchito, ukatuluka pa geti umange mpango wako. Mulungu amaona mtima. Ife tinkagwira ntchito kwa azungu, ngakhale kupita ku Juma tinkachita kuzemba nthawi ya nkhomaliro, koma ana tinalera.

Mayi wa ku Mufakose:

Amalume, ulemu wanu, koma mwa zozembazemba zimenezo ndi momwe tinazolowetsera anthu kuti ife sitiyankhula. Mwanayu wabadwira kuno, si mlendo. Achemwali, ine ndine wa CCAP, sindivala mpango tsiku lililonse, koma buluku sindinavalepo, ndipo atandikakamiza ndingamve kuwawa komwe mukumvaku. Ndinakulira ku Dedza nthawi ya Kamuzu pomwe lamulo la 1973 linkaletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi. Nthawi imeneyo amatiletsa buluku, lero ena akukakamizidwa buluku, ndipo konseko mkazi mwini wake safunsidwa.

Wa komiti ya antchito ku Msasa:

Achemwali, ndakhala mu komiti ya antchito nthawi yaitali, ndiye ndikuuzani zomwe ndikudziwa, ndipo muwerenge mofatsa chifukwa pali msampha.

Malamulo oyendetsera dziko a 2013 ali kumbali yanu. Gawo 60 limapatsa munthu aliyense ufulu wa chipembedzo ndi wochionetsera poyera, gawo 56 limaletsa kusala munthu chifukwa cha chikhulupiriro kapena chikhalidwe, ndipo gawo 65 limakamba za kuchitiridwa chilungamo pa ntchito. Labour Act, Chapter 28:01, pa gawo 5, nayo imaletsa olemba ntchito kusala wantchito chifukwa cha chipembedzo chake. Makhothi a kuno anaweruzapo kale nkhani za maonekedwe a munthu. Mu 1995 khothi la Supreme linagamula mokomera Enock Chikweche, yemwe ambiri timamudziwa kuti Munyaradzi Gwisai, atakanizidwa kulembetsa ngati loya chifukwa cha tsitsi lake lachirasta. Mu 2007 khothi lomweli linanena kuti sukulu ya boma ya ku Glen Norah inalakwa kuthamangitsa mwana wachirasta chifukwa cha tsitsi. Dziwani kuti milandu iwiriyi inali yolimbana ndi boma, ndipo munalibe nkhani ya makina kapena chakudya. Ufulu uli ndi malire, ndipo fakitale ya chakudya ili ndi mphamvu zoika malamulo a ukhondo ndi chitetezo. Funso lenileni ndi lakuti: kodi cholinga chawocho sichingatheke mutu wanu uli wophimba? Ngati chingatheke, kukuletsani kulibe maziko.

Msampha ndi uwu. Musangodzuka tsiku loyamba n'kulowa ndi mpango wanu wakale ngati simunamve. Mu S.I. 15 ya 2006, lamulo la boma la khalidwe la pa ntchito, komanso m'makodi ambiri a ma NEC (makhonsolo a olemba ntchito ndi antchito a m'gawo limodzi la ntchito), kukana dala lamulo lovomerezeka la bwana ndi mlandu wochotsetsa ntchito. Mukatero muwapatsa chifukwa, ndipo nkhani idzasanduka ya mwano osati ya chipembedzo. Lembani kalata tsopano, lamulolo lisanayambe. Nenani kuti ndinu Msilamu, kuti mukugwirizana ndi ukhondo ndi chitetezo, ndipo mupereke njira yanu. Kalatayo ikhale pawiri, ina akusainireni ndi deti, musunge kunyumba. Pitani nayo kudzera ku komiti ya antchito ngati ilipo. Akakana, muwapemphe akane polemba. Kuchoka apo nkhani imapita kwa designated agent, ofisala womva madandaulo wa NEC yanu, kapena kwa labour officer wa ku unduna wa zantchito, ndipo sizilira loya kuti muyambe.

Za kontirakiti sindikunamizani, pamenepo ndi pofooka panu. Akhoza kungoisiya ithe. Koma gawo 12B la Labour Act limati ngati munali ndi chifukwa chomveka choyembekezera kuti akuwonjezerani, iwo n'kulemba munthu wina m'malo mwanu, kumeneko kumatengedwa ngati kuchotsedwa mopanda chilungamo. Ndiye makontirakiti onse akale ndi mapepala a malipiro musataye ngakhale limodzi.

Membala wobisa dzina:

Zikomo kwambiri achimwene, mwandimasula. Za kalata sindinaziganizire, ndinkangofuna kukalira mu ofesi. Nanga njira yangayo ndinene kuti chiyani? Amalume a ku Highfield, ndamva mawu anu ndipo ndikudziwa kuti mukundifunira zabwino, koma mtima wanga sukundilola.

Wophika pa hotela m'tauni:

Asisi, apa ndiyankhe ine chifukwa ndimayang'anira khitchini. Abwana anuwo sakunama pa zonse. Mpango wansonga zolendewera pafupi ndi lamba wa makina kapena chosakanizira ufa ndi ngozi yeniyeni, ukakodwa umakoka mutu. Chachiwiri ndi mapini. Pini ikagwera mu ufa kampani ikhoza kutaya buledi yense wa shifiti. Chachitatu, nsalu yomwe mwayenda nayo mu kombi kuchokera ku Mbare siyenera kulowa pomwe pali chakudya.

Zonse zitatuzi zili ndi yankho. Pali hijabu yongovala ngati chisoti, yansalu yotanuka, yopanda pini, yogwira bwino nkhope, yomwe mumailowetsa mkati mwa kolala. Ikhale yoyera, muzivala mukafika ku ntchito, muzisintha tsiku lililonse, kaneti kawo pamwamba. Kunena zoona imagwira tsitsi kuposa kanetiko. Kwa ife kuno mtsikana wina amavala yotere ndipo oyendera za ukhondo sanadandaulepo. Za manja, pemphani malaya a manja aatali othina pamkono. Musangofotokoza pakamwa, sokani imodzi mupite nayo mukawaonetse. Bwana akaona ndi maso savuta ngati akamangomva mawu akuti mpango.

M'bale wa ku Epworth:

Koma kampani ndi ya eni ake. Akalola uyu, mawa wina abwera ndi mkanjo, wina ndi ndodo ya kumasowe, komwe Achipositoli amapempherera. Yunifolomu ndiye idzakhalanso yunifolomu?

Mayi wa ku Mufakose:

Palibe wapempha mkanjo, bambo. Wapempha kansalu koyera pansi pa kaneti koyera. Ngakhale kumudzi ku Malawi nkhani ya hijabu m'sukulu za mipingo inavuta mpaka kumenyana ku Balaka, koma mu 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi Chisilamu anagwirizana kudzera ku Public Affairs Committee kuti atsikana azivala yogwirizana ndi mtundu wa yunifolomu. Ngati zinatheka kusukulu, pa fakitale zikanika bwanji?

Shehe wa ku Mbare:

Wa aleikum salaam mwana wathu. Zomwe anena ophikawa n'zololedwa, chofunika n'chakuti tsitsi ndi khosi ziphimbike, mtundu wa nsalu kapena kasokedwe si nkhani. Ngati mukufuna kalata yochitira umboni kuti ichi ndi chofunika pa chipembedzo chathu, fikani ku mzikiti, tikulemberani. Ndipo amayi Achipositoli aja musawasiye m'mbuyo. Akhale nanu pa kalatayo ngati angalole, chifukwa pempho la anthu atatu a zipembedzo ziwiri silioneka ngati kuvuta kwa munthu mmodzi.

Membala wobisa dzina:

Ndayankhula nawo amayi aja pa nkhomaliro. Mmodzi wavomera kusaina, winayo akuti afunse kaye kunyumba, ndipo sindimukakamiza. Wapampando wa komiti yathu wati tikaonane ndi a HR Lachinayi. Duku lawo limamangidwa kumbuyo ndipo limasiya nsonga, ndiye tikufuna kuona ngati telala angasoke loti lizingovalidwa popanda mfundo. Amene akudziwa telala wosoka nsalu yotanuka cha ku Mbare kapena ku msika wa Mupedzanhamo andilembere ku inbox kudzera kwa ma admin, zikufunika zisanafike Lachitatu madzulo.