Sitiraika wazaka 20 wosamwetsa, timusaine kapena timusiye?

Kochi wachiwiri: Akuluakulu ndithandizeni msanga, msika wogula osewera ukutsekedwa Lachisanu. Mnyamata wazaka 20, sizoni yathayi magemu 19, zigoli ziwiri basi, china cha penate. Timu yake yamuiwala pa benchi, ikufuna kumugulitsa. Ndamuonera kanayi. Amadziwa kuthawa omulonda, m'bokosi amafikamo nthawi yake, koma akangotsala ndi goloboyi miyendo imalemera. Abwana akuti ndalama yatsala ya munthu mmodzi yekha. Mutu waima.

Mkulu wakale: Ntchito ya sitiraika ndi zigoli. Ziwiri pa magemu 19, musiyeni.

Wosaka osewera: Achimwene, magemu 19 amenewo ndi mphindi zingati? Ngati ankamulowetsa zitatsala khumi, nambalayo ikunama. Werengani mipata imene amaipeza. Kumalizitsa kumaphunzitsika, koma kununkhiza pomwe mpira ugwere n'kovuta kumuika munthu. Thierry Henry ku Juventus mu 1999 ankamuseweretsa kumphepete, anamwetsa zitatu zokha mu ligi. Kochi Wenger atamubweretsa ku Arsenal n'kumuika pakati, magemu oyambirira anadutsa osagoletsa, zotsatira zake mukuzidziwa.

Mkulu wakale: Henry anali atatenga kale World Cup ya 1998. Wanuyu watenga chiyani? Zigoli, akulu.

Dotolo wa timu: Musanakangane za Henry, mwamuona bondo? Ife tinasainapo wotere, kochi atamukonda pa gemu imodzi. Tinathamangira, sikani osajambula. Sabata yachitatu mtsempha wa bondo unaduka, miyezi isanu ndi inayi tikulipira munthu woyenda ndi ndodo. Kenako tinamva kuti ankasewera ndi jakisoni kumene anachokera. Mwana akamazengereza kuponya, nthawi zina si mantha, ndi ululu umene akubisa.

Mlembi wa kalabu: Mapepalanso. Lamulo la FIFA limalola wosewera kulembetsedwa m'matimu atatu pa sizoni, koma magemu ampikisano asewere m'matimu awiri okha. Fufuzani kumene wadutsa. Ngati akuchokera kunja, sanafike zaka 23, ndiye funsani ngati ndalama ya amene anamuphunzitsa ili kale mkati mwa mtengo, ndipo zilembedwe. Ife kalata yotilipiritsa inatipeza patatha chaka, mnyamatayo atachoka kalekale. Ejenti wake foni osayankha.

Wosaka osewera: Bwanji osangomubwereka miyezi isanu ndi umodzi, mtengo wogulira mugwirizaniretu? Harry Kane anazungulira pangongole ku Leyton Orient, Millwall, Norwich ndi Leicester asanakhazikike ku Tottenham.

Kochi wa achinyamata: Ngongole ili ndi msampha wake. Mukamukonza bwino, eni ake amabwera kudzamutenga, inu mwangowalerera mwana. Komanso masapota anu ndi oleza mtima? Akaphonya kawiri pagemu yoyamba n'kuyamba kumukuwiza, mwamupha. Ine ndinataya mwana wabwino chonchi, anasiyiratu mpira.

Mkulu wakale: Mukutchula Kane mmodzi. Amene anabwerekedwa n'kuzimiririka simukuwatchula chifukwa mayina awo munawaiwala. Ndalama ndi imodzi, gulani munthu wodziwa kale golo.

Dotolo wa timu: Wodziwa golo wa zaka 33 uja munatibweretsera inu, bambo, anatha sizoni yonse ali pabedi langa lothowera.

Mkulu wakale: Koma asanavulale anamwetsa.