Bambo anga akuvutika ndi prostate, ndikupempha malangizo

Abale ndi alongo, ndikupempha thandizo lanu pa vuto la bambo anga, omwe ali ndi zaka 71. Usiku amadzuka kasanu kukataya madzi, koma mkodzo umatuluka pang'onopang'ono, ndipo akamaliza amamvabe ngati wina watsalira m'chikhodzodzo. Kuchipatala anawapima ndi chala prostate (kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo), anayezanso PSA (chinthu chimene prostate imatulutsa) m'magazi, ndipo anatiuza kuti prostate yakula koma si khansa. Anawapatsa tamsulosin, amene wathandiza ndithu, kungoti akanyamuka msanga pampando amachita chizungulire mpaka kugwira khoma, zomwe zikundidetsa nkhawa kwambiri.

Kodi alipo amene makolo awo anamwapo finasteride, amene amatenga miyezi pafupifupi 6 kuti achepetse prostate? Nanga amene anachitidwa opaleshoni ya TURP (yochotsa mbali ya prostate kudzera m'njira ya mkodzo), anachira patapita nthawi yaitali bwanji?