Mlatho wagwa: tisonkhe kapena tikagogode?

Che Saidi (Joni): Salaam aleikum abale. Kanema wa mlatho uja ndamuona, ana akuwoloka madzi ofika m'chiuno popita kusukulu. Ine ndi anzanga atatu tasonkha ndalama ya matumba 40 a simenti. Titumize kwa ndani?

Mayi a Shamimu: Mulungu akudalitseni achimwene. Koma musatumize kaye. Za mjigo zija mpaka lero sitinaonepo lisiti ndi limodzi lomwe.

Aphunzitsi: Zikomo Che Saidi. Koma simenti isanabwere tiyambe tadzifunsa kuti gulu lathuli ndi la mtundu wanji. Pali magulu odzithandiza okha: kusonkha, kuumba njerwa, kututa mchenga. Ifeyo takhala otero chiyambireni. Palinso magulu okumbutsa amene ali pa udindo kuti agwire ntchito yawo. Mlatho umafuna injiniya ndi zitsulo, ndipo ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, zinakhazikitsidwira ntchito ngati imeneyi. Nkhaniyi idutse ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ifike ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, ife tili pambuyo pake ndi kalata yosainidwa ndi mudzi wonse. Makolo athu anayamba choncho. Mu 1912 a Levi Mumba ndi anzawo anayambitsa North Nyasa Native Association ku Karonga, chida chawo chinali makalata opita kwa atsamunda basi. Timagulu totere tinafalikira m'maboma, mu 1944 n'kulumikizana kukhala Nyasaland African Congress.

Mayi a Shamimu: Aphunzitsi, ine ndafunsa za mjigo.

Msungichuma: Mayi, ndalama ija inagula mapaipi, ndinanena pamsonkhano wa pansi pa mango uja. Inuyo simunabwere.

Mayi a Shamimu: Ndinali ku maliro ku Namwera, mukudziwa. Nanga mapaipiwo ali kuti?

Anganga a ku Malindi: Ana inu, zogogoda kubomazi muzisamala nazo. Mu February 1965 a Chipembere anatenga anthu kuno, analowa pa boma la Fort Johnston (Mangochi ya lero) usiku, ulendo wa ku Zomba n'kukathera pa pantoni ku Liwonde. Zimene midzi yathu inaona pambuyo pake ine ndinaziona ndi maso angawa. Sindifuna mdzukulu wanga akagone m'selo chifukwa cha mlatho.

Aphunzitsi: Anganga, ndakumvani ndipo sindikupeputsa. Koma umenewo ndi mtundu wina, wofuna kuchotseratu ulamuliro ndi zida, monganso a Chilembwe mu January 1915. Ine ndikunena njira ya 1992. Pa 8 March chaka chimenecho kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika dziko lonse. Kenako kunabadwa bungwe la zipembedzo la PAC, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, ndipo pa 14 June 1993 tinavota pa referendamu. Panalibe amene ananyamula mfuti kuti referendamuyo ichitike. Anthu anangogwirizana chinthu chimodzi n'kuchikakamira.

Che Bwanali: Pamenepo mwanena zoona pang'ono. Ku Malombe chambo chitatha, mu 1993 tinayamba makomiti a m'madooko, a BVC aja, kuletsana tokha makoka a maso ang'onoang'ono. Pamene mfumu ndi asodzi anali pamodzi zinkayenda. Pamene komiti inayamba kudyera m'mbale imodzi ndi eni makoka, basi zinathera pomwepo.

Mayi a Shamimu: Mwamva? N'chimene ndikunena ine. Komiti.

Msungichuma: Ngati mukunditcha wakuba nenani poyera, nditule pansi udindo lero lomwe.

Aphunzitsi: Chonde tisapite kumeneko. Gulu limafa likatembenukirana lokha. Ndingathe kulemba kalatayo usiku uno, koma ndikufuna anthu 10 oti tipite nawo. Mvula ikubwerayi ana a sitandade 8 adzalemba bwanji mayeso tsidya lija?

Yusufu: Aphunzitsi, mumalankhula nokha m'gulu muno. Ndipo ndani anachotsa malume anga mwezi watha? Ma admin atiuze.

Che Saidi (Joni): Abale, anzangawa akundifunsa. Ndiwauze kuti chiyani?

Mayi a Shamimu: Auzeni adikire lisiti.

Aphunzitsi: Amene akupita nane Lolemba alembe dzina apa. 1. Ine.

Che Bwanali: 2. Koma thiransipoti alipira ndani?