Ulendo woyamba wa ku Dar pa basi mu Disembala, tithandizeni nzeru

Naphiri wa ku 25

Abale moni nonse. Ine ndi mng'ono wanga tikufuna tipite ku Taifa (Tanzania) mu Disembala sukulu zikangotsekera, kwenikweni ndi kukagula nsalu ndi zovala za ukwati wa alongo athu ku msika wa Kariakoo mu Dar es Salaam, koma mng'ono wangayo wakakamira kuti tikafika kumeneko tikaoneko ndi Zanzibar olo tsiku limodzi. Tonse sitinatulukepo m'dziko muno, mapasipoti okha ndiye tili nawo. Ndiye inu amene mumayenda njira imeneyi tiuzeniko, paboda amafuna chani, ndalama tinyamule za mtundu wanji, nanga kutentha kumene anthu amanenaku ndi kofika pati poti ine ndinakulira ku Dedza kkkk. Za kadi yachikasu ya katemera wa yellow fever ena akuti ndiyofunika ena akuti ayi, mutu wangobalalika.

Make Tadala

Achemwali musaope, njira imeneyi amayi ageni timayenda daily ndipo ambirife Chiswahili chake ndi chongotola mumsewu. Viza simufunika, Amalawife amangotidindira pasipoti pa Songwe kenako mbali yawo pa Kasumulu, basi mwalowa. Koma muonetsetse ndi maso anu kuti adinda mbali zonse ziwiri, musapatse pasipoti mnyamata aliyense amene akuti akuthandizani, imani pamzere nokha.

Ndalama ndiye nkhani yaikulu. Kwacha yathu ikangodutsa Kyela ndi pepala chabe, ku Dar palibe angakulandireni. Ndiye kaya musinthiretu mashilingi paboda kaya munyamule madola mukasinthe ku bureau mukafika. Madola akhale atsopano osang'ambika, akale aja amawakana, komanso ma 100 ndi ma 50 amawagula bwino kuposa ang'onoang'ono. Anyamata osintha ndalama paboda alipo ambiri ndipo ena ndi achilungamo ndithu koma ena dzanja lawo ndi lachangu, amakuwerengerani bwinobwino pamaso panu kenako akuti tabweretsani ndionenso, pobweza apinda zina. Ndiye lamulo lake ndi lakuti muwerenge inuyo komaliza, mashilingi ali m'manja mwanu ndi pamene mukutulutsa zanu. Pepala lawo lalikulu ndi 10,000 ndiye mpukutu umakula, musokeretu kathumba mkati mwa siketi kapena mugule kalamba kaja kobisa m'chiuno, ndipo mugawane ndi mng'ono wanuyo osati zonse munthu mmodzi.

Ku Kariakoo pitani mmawa dzuwa lisanakwiye. Zovala zambiri zili cha ku msewu wa Congo, anthu ake ndi othinana moti chikwama chizikhala kutsogolo. Tsiku loyamba musagule, ingoyendani mukufunsa mitengo, chifukwa shopu yoyamba ija mtengo wake mukaupeza wotsika mkati mwenimweni. Ndipo chilichonse mwagula pemphani lisiti ya makina ija amati EFD, kumeneko amaifunsa mumsewu ndipo pobwera pa Songwe a MRA akamawerengera msonkho imakuthandizaninso, popanda lisiti mtengo akuikirani okha. Musiyeko ndalama ya msonkhoyo, anthu ambiri oyamba amagula mpaka kutha kenako kukalira paboda.

Majumbo apulasitiki musatenge, analetsa kuyambira 2019, longedzani mu zikwama zansalu.

Dalaivala wa ma IT

Mayi anena zoona zokhazokha, ine ndingowonjezera za msewu poti ndimakatenga magalimoto kudoko. Ulendowu ndi wautali mlongo, kuchoka Lilongwe kukafika Dar muwerengere tsiku ndi theka pa basi, kuchoka pa Mbeya pokha kukafika Dar ndi makilomita opitirira 800. Ndiye musapusitsidwe ndi nkhani ya kutentha nkunyamuka ndi kabulauzi kokha, pa Tukuyu, Makambako ndi Mafinga pamazizira koopsa usiku, inu a ku Dedza mukamva ngati muli kwanu. Juzi ndi chitenje zikhale pafupi osati mu buti. Mukatsika mapiri a Kitonga ndi pamene moto umayamba, ndipo msewu umadutsa mkati mwa Mikumi ndiye mukakhala ndi mwayi masana muona akadyansonga ndi mbidzi pawindo ulele.

Wotchi yawo ili patsogolo ndi ola limodzi, mukawoloka boda musinthe. Koma chimene chimasiyitsa anthu basi ndi kawerengedwe kawo, iwo tsiku amayamba kuwerenga dzuwa likatuluka, ndiye 7 koloko mmawa amati saa moja, akakuuzani kuti basi inyamuka saa kumi na mbili asubuhi akunena 6 koloko mmawa osati 12. Muziwauza akulembereni pa tikiti.

Mabasi ambiri akumtunda masiku ano amathera pa Magufuli terminal ku Mbezi, si Ubungo ngati kale, ndipo ndi kutali ndithu ndi tauni. Pamenepo musakwere galimoto ya munthu amene wangokupezani nkumati taxi taxi dada, ena amakuzungulitsani ma ATM mpaka akaunti kuuma. Itanani taxi pa app ya Bolt kapena muuze a malo ogona akutumizireni dalaivala wawo. Foni osaitulutsa pawindo la basi kapena bajaji (kanjinga kamoto ka matayala atatu) mu jamu.

Nesi Wachabechabe

Ine ndiyankhe za kadi yachikasu ndi zaumoyo. Mwalamulo Tanzania imafuna kadi imeneyi kwa munthu amene akuchokera dziko lomwe kuli yellow fever, kapena wakhala maola opitirira 12 pabwalo la ndege la dziko lotero, ndipo Malawi sili pa mndandanda umenewo. Koma ine ndimalangizabe anthu kuti angobayitsa, chifukwa paboda sukhala ndi mphamvu zokangana ndi munthu pamene basi ikukudikira, komanso kuyambira 2016 katemera ameneyu ukabaya kamodzi ndi wa moyo wonse, mawa mudzafuna kupita ku Kenya kapena ku Uganda muli nayo kale. Bayitsani pasadakhale, kadiyo imayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10. Zogula kadi yopanda jakisoni zija ayi chonde.

Kutentha kwa Dar mu Disembala mpaka Malichi si kwa masewera. Ma digiri ake si oposa a ku Nsanje ayi, vuto ndi chinyezi cha kunyanja, thukuta siliuma ndipo usiku sikuzizira, umasamba nkutuluka kubafa uli kale nyowe. Valani zopepuka za kotoni, zothina ndi ma jini musiye, posankha chipinda funsani ngati muli fani kapena AC ndi neti musanalipire. Madzi imwani ambiri koma a m'botolo lotseka, a pampopi ayi, ndipo ma juwisi a mumsewu oika ayisi aja muwapewe. Madafu, kokonati wamuwisi amene amakusendera pompo, ndiye abwino zedi. Mutenge mapaketi a Thanzi ORS angapo ndi Panado.

Udzudzu uliko wa mitundu iwiri. Wa malungo mukuudziwa kale, koma kulinso dengue imene inavutako kwambiri mu 2019, ndipo udzudzu wake umaluma masana ndiye neti yokha siyokwanira, mafuta othamangitsa udzudzu muzidzola ndi masana omwe. Thupi likatentha kaya muli konko kaya mwabwerako, kayezetseni kaye musanayambe kumwa LA, ndipo muwauze adokotala kumene munali. Brufen ndi aspirin musamwe mpaka atatsimikiza kuti si dengue chifukwa zimawonjezera kutaya magazi.

Naphiri wa ku 25

Eee zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse mu kope. Za saa moja zo ndikanasiyidwa ndithu ine. Nanga za Zanzibar palibe wanenapo, tsiku limodzi zingatheke? Komanso foni yanga ya TNM ikagwira?

Ankolo a Ndirande

Kutheka zimatheka mwana wanga, boti yothamanga imatenga pafupifupi maola awiri, koma ine tsiku limodzi sindikuvomereza. Tikiti ya alendo ndi yodula kuposa ya eni dziko, ndiye ulipire zonsezo nkungokaponda Stone Town maola atatu uli wefuwefu kuthamangira boti yobwerera? Bola mugoneko usiku umodzi, madzulo mukadye pa Forodhani m'mbali mwa nyanja pamene amawotcha nsomba ndi nyama, mulaweko ndi supu wawo amati urojo, koma funsani mtengo asanakuikireni m'mbale. Ngati ndalama zavuta musiyeni mng'ono wanuyo alire, mupite naye ku Kigamboni konko ku Dar pa pantoni, boti yowolotsa anthu, akasambe m'nyanja ya mchere yomweyo.

Mukapita, tikiti mukagule mu ofesi yeniyeni mkati mwa doko, panja pali anyamata ovala bwino amene amakulondolera kwina. Pasipoti munyamule chifukwa ngakhale ndi dziko limodzi kumeneko amaionanso pofika. Ndipo anthu ake ambiri ndi Asilamu, m'tauni valani zofika pansi pa maondo ndi zobisa mapewa, chitenje chanu chomwecho chikwanira. Amene amachita chizungulire pamadzi asadye zamafuta asanakwere.

Za foni, roaming idya ma yunitsi anu onse tsiku lomwelo. Gulani layini ya konko, Vodacom kapena Airtel, mu shopu yawo yeniyeni ndi pasipoti yanu, osati yolembetsa kale m'dzina la munthu wina imene amagulitsa mumsewu, mukaikamo ndalama nkutsekedwa simudzaionanso. Tchaja ndi yomweyi ya mapini atatu.

Make Tadala

Ankolo mwaiwala chimodzi, tikiti yobwerera. Sabata ya Khirisimasi mabasi amadzaza ndi katundu komanso mitengo imakwera, ndiye achemwali mukangofika ku Dar tsiku lomwelo kabukeni mpando wobwerera, ndipo mabelo anu mulembe dzina ndi nambala ya foni ndi maka mbali zonse, muime pompo mpaka muone alowa mu buti.